KHANDA LA KUMBUYO LILI PA SUKULU

Mlendo wogona usiku woyamba pafupi ndi njanji m'tauni ya Kafue amadzidzimuka sitima ya katundu ikadutsa. Koma khanda la m'nyumba yomweyo, la miyezi 3 yokha, limangopitiriza tulo. Masiku oyamba nalonso linkadzidzimuka ndi kutambasula timanja. Tsopano lazolowera, ndipo kuzolowera kumeneko ndi umboni wakuti phokosolo lalisunga m'mutu. Nanga bwanji ambiri a ife timati khanda silidziwa kanthu?

Kuphunzira kumayamba mwana asanabadwe. M'miyezi yotsiriza ya pakati, makutu ake amakhala atayamba kale kumva. Mu 1980 Anthony DeCasper ndi William Fifer a ku America anaonetsa kuti khanda la masiku osapitirira 3 limasintha kayamwidwe kake kuti limve mau a mai wake m'malo mwa mau a mkazi wina. Maso ndiwo amacedwa: khanda longobadwa limaona bwino cinthu cimene cili pa mtunda wa masentimita 20 kapena 30. Umenewu ndi mtunda wa pakati pa bere ndi nkhope ya mai.

Za kukumbukira, amene anatitsegula maso ndi mai Carolyn Rovee-Collier. Iwo anamanga kansalu ku mwendo wa khanda, mbali ina n'kumangirira ku tizidole tolenjekeka pamwamba pa kabedi. Posakhalitsa khandalo linazindikira kuti likaponya mwendo, tizidole tikuvina, ndipo linayamba kuponya mwendo kolimba. Zoyamba za nchitoyi anazifalitsa mu 1969. Pambuyo pake anapeza kuti khanda la miyezi 3 limakumbukira masewerawa patapita mlungu wathunthu. Pakapita milungu 2 limaoneka ngati laiwala, koma mukangolionetsa tizidoleto tikugwedezeka kwa kanthawi, mawa lake limakumbukiranso. Codabwitsa cina n'cakuti makanda a miyezi 6 ankalephera kukumbukira ngati nsalu yozungulira kabedi yasinthidwa. Khanda limasunga cinthu pamodzi ndi malo ake. Mwina n'cifukwa cake mwana wosiyidwa kwa ambuye ake amatonthola msanga akamfunditsa citenje ca mai wake.

Tisaganize kuti nzeru zonsezi zinapezeka kutsidya kwa nyanja kokha. Mu 1976 dokotala wa ana T. Berry Brazelton ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa makanda obadwira mu Lusaka, powayerekeza ndi a ku America. Pa tsiku loyamba ana a ku Zambia anali ofooka kuposa anzawo. Pofika tsiku la 10 anali ochera maso ndi makutu kwa anthu kuposa a ku America aja. Makanda amene anayesedwa anali ocepa, koma ofufuzawo anaona kuti kuno mwana sakhala yekha: amanyamulidwa, amasisitidwa, amacoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo.

Mwana wa ku Kafue ali ndi mwai winanso. Ali kumbuyo kwa mai wake pa msika, pakati pa ogulitsa nsomba ndi tomato, amamva Cinyanja, Citonga, Cibemba ndi Cizungu tsiku limodzi. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anapeza kuti khanda la miyezi 6 mpaka 8 limatha kusiyanitsa kamvekedwe ka mau a zilankhulo zimene silinazimvepo, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 khutu lake limayamba kutsamira ku cilankhulo ca pakhomo. Kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kumene kumavuta alendo ophunzira Cinyanja atakula, mwana wanu amakutola asanathe n'komwe kunena kuti "amama".

Apa ndi pamene ine ndimada nkhawa. Masiku ano si cacilendo kuona mai akuyamwitsa maso ali pa foni, kapena khanda litakhazikidwa patsogolo pa TV kuti lisavute. TV imalankhula, koma siyankha. Khanda likati "agu", limayembekeza nkhope imene idzamwetulira ndi kubweza mau. Inu atate, nchito imeneyi si ya amai okha. Mau anu aakuluwo mwana amawadziwanso.

Akayamba kukwawa, sukulu imasamukira pansi. Supuni aigwetsa kakhumi, ndipo kakhumi konse ayang'ana kumene yagwera. Si mwano ai, akuyesa ngati igwanso. Ciliconse cimapita kukamwa, pakuti milomo ndi lilime ndizo zimamuuza kuuma ndi kufewa kwa cinthu. Musam'menye kadzanja. M'patseni cikho ca pulasitiki cotsuka bwino, mthiko kapena cibakuwa ca mphika, koma mbaula ya moto, ndowa ya madzi, ndalama zacitsulo ndi palafini wothiridwa m'botolo la zakumwa muziike kumene sangafikeko.