Thumba la Ndalama Zomangira Nyumba

Tonse timadziwa chipeleganyu. Anthu khumi amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Mwezi uno atenga uyu, mwezi wamawa atenga uja. Ena agula malata mwa njira imeneyi.

Boma nalo likhoza kupatula ndalama za nyumba zokha. Sizipita ku misewu kapena ku chipatala. Zimabwerekedwa kwa womanga, iye akabweza zimapita kwa mnzake. Ili ndilo thumba la nyumba.

Dziko lathu la Mozambique lili nalo thumba lotere. Linayamba chonchi. Pa 3 February 1976, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za lendi zikhala za boma. Eni ake ambiri anali Apwitikizi. Boma linakhazikitsa ofesi ya APIE kuti iziyang'anira nyumbazo ndi kutolera lendi. Koma lendi inali yochepa, nkhondo inabwera, nyumba zinawonongeka. Mu 1991 lamulo linalola kuti okhalamo azigule. Mu 1995 boma linatsegula Fundo de Fomento de Habitação, mwachidule FFH, ndipo gawo la ndalama zogulitsira nyumba zija linalowa m'menemo.

FFH imabwereketsa ndalama, imadula mapuloti, imamanganso nyumba zogulitsa. Nyumba zosanja za ku Zimpeto, mu Maputo, zimene anagonamo ochita masewera a Africa mu 2011, zinagulitsidwa kudzera ku FFH.

Nanga mlimi wa ku Dómuè wapezapo chiyani? Zochepa ndithu. Wobwereketsa amafuna munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Mlimi sali choncho. Ndalama zake zimabwera akagulitsa chimanga, mbatata ya kachewere, soya kapena fodya. Mu January, pamene nkhokwe yatsika ndipo feteleza akufunika, adzabweza ndi chiyani? Palinso nkhani ya chikole. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma: sigulitsidwa, siperekedwa chikole. Lamuloli ndi labwino, chifukwa limateteza munda umene makolo anatisiyira ngakhale tilibe chikalata. Koma munthu wa ku banki akamva zimenezi, amatseka buku lake.

Thumba lina tinaliona ndi maso athu. Mu 2006, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, distrito iliyonse inayamba kulandira mametikali 7 miliyoni pa chaka. Anthu anazitcha sete milhões. Sizinali za nyumba. Zinali za ulimi ndi malonda. Koma zinali ngongole yobweza, ndipo Conselho Consultivo ndiyo inkasankha olandira. M'dziko lonse, zimene zinabwerera zinali zochepa kwambiri. Ambiri anati ndi mphatso ya boma. Kwina analandira ndi odziwana ndi akuluakulu. Pa chipeleganyu wothawa ndi ndalama timam'dziwa khomo lake. Apa panalibe womulondola.

Kuyambira 2008, Ulónguè ndi município. Ili ndi mphamvu yotolera misonkho yake, monga ya pamsika ndi ya nyumba. Ku America, mizinda yambiri imachita motere: nyumba ikagulitsidwa, kandalama kena kamalowa m'thumba lomangira osauka. Thumbalo siliyembekeza mphatso, limadzaza pang'onopang'ono chaka chilichonse. Ine ndikuona kuti kuno kwathu thumba laling'ono lotere lingathandize kwambiri. Njerwa timaumba tokha, timawotcha tokha, amisiri tili nawo. Chimene chimaimitsa nyumba zathu ndi malata, simenti, misomali ndi zitseko. Ngongole ya zimenezi si yaikulu, ndipo munthu angathe kuibweza kamodzi pa chaka, mu June kapena July, atagulitsa zokolola.

Mukamva pamsonkhano kuti kwabwera thumba latsopano, funsani kumene ndalama zizichokera chaka ndi chaka, amene azisankha olandira, ndi mwezi wobwezera. Pemphaninso kuti maina a obwereka alembedwe pakhoma la ofesi. Tsopano mungathe kuwawerenga nokha.