Masewera owerengerana akhoza kupulumutsa manambala a Chichewa

Funsani mwana wa sitandade 5 kuti awerenge mpaka 20 m'Chingerezi, amaliza musanaphethire. Muuzeni abwereze m'Chichewa, ambiri akafika pa zisanu amayamba kukanda m'mutu. Akulu nafenso ndife chimodzimodzi: pamsika, m'minibasi ngakhale polengeza chopereka kutchalitchi, manambala timatchula m'Chingerezi.

Pali masewera osavuta omwe angathandize. Safuna ndalama, foni kapena magetsi, amangofuna anthu atatu kapena kuposa apo. Osewera amakhala mozungulira. Woyamba amatchula nambala yoyamba m'Chichewa n'kunena mfundo yoona yokhudza nambalayo. Wotsatira amatenga nambala yachiwiri, choncho mpaka gulu lonse litazungulira n'kuyambiranso. Wosowa chonena, wonama kapena wobwereza mfundo ya mnzake amatuluka, ndipo wotsala yekha ndiye katswiri.

Koyambirira zimayenda bwino. Mmodzi anganene kuti munthu ali ndi mutu umodzi, wina kuti nkhuku ili ndi miyendo iwiri. Pa zitatu mfundo zimachita kusefukira: mafuwa atatu, mitundu itatu ya mbendera yathu, kapena mayiko atatu omwe tinachita nawo malire, Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Pa zinayi pali mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Pa zisanu pali zala za dzanja, komanso zaka zomwe pulezidenti amalamulira tisanavotenso.

Phunziro lenileni limayambira pa 6. Chichewa chilibe liwu lakelake la nambala imeneyi. Timati zisanu ndi chimodzi, kenako zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, mpaka khumi. Kuwerenga kwathu kumatsata manja: dzanja limodzi likadzaza, timabwereka zala kudzanja linalo. Mwana amene akunena kuti zisanu ndi zitatu akuchita kale samu yophatikiza, ngakhale iye sakudziwa.

Nambala ya Chichewa imasinthanso malinga ndi chomwe chikuwerengedwa: munthu mmodzi, mitengo itatu, mbuzi zinayi, timiyala tisanu. Wosewera akati "anthu zitatu" gulu lonse limaseka, ndipo cholakwa chotere sachibwerezanso. Manambalawa anabisalanso m'mayina a masiku: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, kuwerenga kuchokera Lolemba.

Manambala akamakwera, m'pamene agogo ndi ana asukulu amafunana. Wokonda mpira adzati timu imalowa m'bwalo ndi osewera 11. Wokumbukira mbiri adzati pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu yosankha ndale za zipani zambiri, kapena kuti pa 15 January timakumbukira John Chilembwe. Pa 18 pali zaka zoyambira kuvota, pa 28 pali maboma a dziko lino. Katswiri wa bawo amadikira 32, chiwerengero cha mabowo a pathabwa, mizere inayi ya mabowo asanu ndi atatu, kenako 64, nkhomo zonse zosewerera. Gulu lolimba mtima likafika pa 100, yankho lili m'thumba: matambala zana amapanga kwacha imodzi, ndalama yomwe tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1971.

Amene atopa ndi kuwerenga mondondoza akhoza kusintha malamulo. Wina amatchula nambala iliyonse, enawo n'kupikisana kupeza mfundo yake. Akati 1964, yankho ndi chaka cha ufulu wodzilamulira. Akati 3,002, ndi kutalika kwa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje m'mamita. Akati 365 ndi 52, ndi Nyanja ya Malawi, yomwe ena amaitcha nyanja ya kalendala poti m'litali mwake ndi mamailosi pafupifupi 365 ndipo pomwe inatambasuka kwambiri ndi mamailosi pafupifupi 52.

Ena adzati manambala a Chichewa ndi ataliatali. Akunena zoona. Kutchula 99 kumafuna mpweya wokwanira: makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi zinayi. Palibe wogulitsa tomato angataye nthawi ndi zimenezi kasitomala akudikira chenji. Koma kusagwiritsa ntchito mawu pamsika ndi nkhani ina, kuwaiwala ndi nkhani inanso. Mawu ngati khumi, zana ndi chikwi timawamvabe m'Baibulo, m'nyimbo ndi pa wailesi, ndipo mwana wosawadziwa amangomva phokoso.

Choncho magetsi akathima madzulo, kapena mphunzitsi akatsala ndi mphindi khumi belu lisanalire, yesani masewerawa. Lamulo likhale limodzi: mpaka 20, nambala itchulidwe m'Chichewa chokhachokha. Makolo konzekerani, chifukwa sizodabwitsa kuti woyamba kutuluka angakhale inu.