Tipote tsitsi lili lonyowa kapena litauma?

M'mawa wa Lachisanu m'makomo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumakhala pikitipikiti. Abambo ndi anyamata akusita mikanjo yopita nayo ku Jumu'ah, ndipo pakhonde mayi wakhazika mwana wamkazi pakati pa miyendo, beseni lili pambali. Tsitsi langochapidwa kumene, madzi akuyenderera m'khosi. Mayi akuligawa timagulu, kagulu kalikonse n'kukapatula pawiri, n'kupota monga apotera chingwe cha khonje. Ola lisanathe mutu watha, mpango wamangidwa, mwana wathamangira kwa anzake. Pofika Lolemba mwana uja akungokanda m'mutu, ndipo mpango ukachoka pamamveka kafungo konga ka chovala chimene chinaiwalika m'beseni.

Kapotedwe kameneka, kamene ku saluni amati ma twist, kakondedwa ndi amayi amene anasiya mankhwala owongolera tsitsi. Sikalira meshi, sikalira ndalama, mlongo kapena mnansi angathe kukupota pansi pa mtengo wa mango, ndipo kamagona bwino pansi pa mpango. Koma pamene amayi akumana, nkhani imodzi simatha: ena amati tsitsi lipotedwe lili lonyowa, ena amati liyambe lauma. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo kuti timvetse tiyambe taona zimene madzi amachita akalowa m'tsitsi.

Tsitsi lathu si lobulungira ngati ulusi. Ndi lophwatalala pang'ono, ndipo limamera mopiringizika. Paliponse pamene lapindika ndi pofooka, poduka msanga. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutikanso kuyenda m'makhotamakhota amenewa kukafika kunsonga, n'chifukwa chake nsonga zimakhala zouma ngakhale kumizu kuli mafuta. Madzi akalowa, tsitsi limafufuma, timfundo ting'onoting'ono timene timaligwira m'kati timamasuka, ndipo limafewa n'kumatamuka. Likamauma timfundo tija timamanganso, koma timamanga m'maonekedwe amene tsitsilo lili pa nthawiyo. Oluka mikeka amazidziwa bwino zimenezi. Mlaza wouma umathyoka m'manja, wonyowetsa umamvera, ndipo ukauma umasunga mmene unalukidwira.

Apa ndiye pagona mphamvu ya amene amati tipote lonyowa. Chipeso chimadutsa mosavuta, mwana salira, zopota zimatuluka zosalala ndi zogwirana, ndipo zimakhalitsa zisanayambe kunyankhalala. Koma zili ndi mtengo wake. Tsitsi lonyowa likamauma limabwerera, moti lofika m'mapewa lingathe kuthera m'makutu. Kufupikako pakokha si matenda, ndi chizindikiro chakuti tsitsi lili ndi moyo, kungoti pobwererapo nsonga zimakolana n'kumanga mfundo zimene pambuyo pake zimafuna sizasi. Chachiwiri, tsitsi lokhuta madzi ndi lofooka kuposa louma. Limalola kukokedwa kupyola muyeso popanda wopotayo kuzindikira, ndipo chopota chimene chinaoneka chabwinobwino chili chonyowa chimayamba kukoka khungu pamene chikuuma.

Amene amati liyambe lauma nawonso sakunama. Zopota zawo zimaoneka zazitali ndi zodzaza, ndipo munthu angathe kufunda mpango nthawi yomweyo. Vuto lili pa kupesa. Tsitsi lopiringizika likapesedwa lili gwa, mumamva kuthetheka, ndipo pamapewa pamagwera tizidutswa tatifupitifupi. Timeneti si tsitsi lothothoka lokha ayi, ndi loduka. Munthu angadandaule kuti tsitsi lake silikula, chikhalirecho likumera pafupifupi sentimita imodzi mwezi uliwonse, koma chipeso chikudula kunsonga zimene mutu wabereka kumizu. Ofuna utali amachita bwino kuyamba aliwongola ndi njira ya agogo athu, yomanga ndi ulusi wakuda likadali ndi chinyezi n'kulisiya liumire momwemo. Njira imeneyi imawongola popanda moto. Makina owumitsira tsitsi amafulumira, koma kutentha kwake kukachuluka kumawononga kapiringizidwe kosabwereranso.

Kukanakhala kuti nkhani yathera pamenepa, tikanati aliyense asankhe chimene chamukomera. Koma mayi wa m'mbali mwa nyanja amene amafunda kumutu tsiku lonse ali ndi funso lina limene ambiri olangiza za tsitsi pa intaneti saliganizira: kodi tsitsi lopotedwa lonyowali liumira kuti?

Chopota chili ngati chingwe chonyowa: kunja chimauma msanga, m'kati chinyezi chidakalipo. Pamutu wosafunda mphepo imamaliza ntchitoyo. Pansi pa kachipewa ka m'kati ndi mpango, makamaka wansalu yoterera yosapitisa mphepo, chinyezi chija chimasowa kothawira, ndipo thukuta limawonjezera. Pakhungu la m'mutu la munthu aliyense pamakhala tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malassezia, timene timadya mafuta a pakhungu. Tikakhala tochepa sitivuta. Tikapeza malo ofunda, achinyezi ndi amafuta timaswana, ndipo zotsatira zake ndi mfundu, kuyabwa ndi kufiira kwa khungu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi akaona mfundu amaganiza kuti m'mutu mwauma, ndiye amapakanso mafuta ambiri pakhungu, osadziwa kuti akuwonjezera chakudya cha tizilombo tomwe tija.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kunyanja limaumitsa zopota zazing'ono m'maola ochepa, ngakhale thukuta limabweza chinyezi mukangofunda. Mu Januwale ndi Febuluwale, mpweya uli wodzaza ndi chinyezi, tsitsi lowirira lingathe kutha tsiku lonse osauma. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, vuto limakhala kuzizira: amene wachapa madzulo amagona nalo lonyowa. Choncho lamulo lakuti "ine ndimapota lonyowa nthawi zonse" silingayende chaka chonse.

Ife tikuona kuti yankho lili pakati, ndipo limadalira kwambiri nthawi kusiyana ndi mafuta ogula. Tsitsi lipotedwe lili ndi chinyezi chabe, lofewa koma losadontha. Mukachapa, lifinyeni ndi chitenje chakale chathonje kapena malaya ofewa, osalipukuta mokhula, ndipo dikirani mpaka mukaligwira dzanja lisanyowe. Pakani mafuta pang'ono patsitsi penipeni ndi kunsonga, osati pakhungu. Yambani kulimasula ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kumizu. Mafuta a kokonati ali ndi mwayi wakuti amalowa m'kati mwa tsitsi, ndipo akapakidwa musanachape amachepetsa kuwonongeka kobwera ndi madzi. A nsatsi ndi olemera, amayenera kunsonga, ndipo dontho limakwana. Tsiku lopotera likhale limene mudzakhale pakhomo, m'kati mwa mpanda, pakati pa anthu a m'banja amene simufunda pamaso pawo. Kwa ofuna kukhala okonzeka pa Jumu'ah, Lachinayi masana liposa Lachisanu m'mawa. Musanamange mpango, gwirani chopota cha pankhongo, pomwe tsitsi limawirira, n'kuchifinya kumizu. Chikamveka chozizira, sichinaume.

Mayi wapabanja anena kuti zonsezi n'zabwino, koma iye sasankha yekha tsiku lonyowetsa mutu. Kusamba kwa janaba ndi kwa pambuyo pa kumwezi kumabwera ndi nthawi yake. Funso limeneli si lachilendo. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya mayi Umm Salama, mkazi wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), amene anafotokoza kuti amaluka tsitsi lake molimba, nafunsa ngati ayenera kulimasula posamba janaba. Anauzidwa kuti sayenera kutero, ndipo n'kokwanira kuthira madzi pamutu katatu ndi manja kenako n'kuthira thupi lonse. M'buku lomwelo mayi Aisha anadabwa atamva kuti Abdullah ibn Amr akulamula amayi kumasula tsitsi posamba, mpaka anafunsa chifukwa chimene sakungowalamula kumeta.

Maulama anasiyana pa tsatanetsatane. A madhihabu a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri m'Malawi muno amatsatira, amati madzi afike pakhungu ndi patsitsi lonse, kunja ndi m'kati, moti choluka chimasulidwe pokhapokha ngati chikutchinga madzi. A Imam Abu Hanifa amati kwa mayi woluka n'kokwanira kuti madzi afike kumizu. A Imam Ahmad amasiyanitsa: pa janaba osamasula, koma pa kusamba kwa kumwezi amasule. Za mmene banja lanu lichitire funsani shehe wa kwanu. Chimene chikutikhudza pano n'chakuti kapotedwe ka nthambi ziwiri, kakakhala komasuka, kamalowa madzi mosavuta kuposa zoluka zothina za nthambi zitatu. Ndipo chopota chimene madzi amalowa mosavuta ndi chomwecho chimene chimaumanso mosavuta. Chothinitsitsa, chomatidwa mafuta olimba ngati phula, chimavuta pawiri: madzi amalowa movutikira, ndipo olowawo amatuluka movutikira. Mayi amene amasamba motere kawirikawiri amapindula ndi zopota zapakatikati, zazikulu ngati chala chaching'ono. Zikuluzikulu zimasunga madzi, pomwe zing'onozing'ono kwambiri zimakolana zikamanyowa mobwerezabwereza. Akatha kusamba afinye chopota chilichonse ndi nsalu, ndipo ngati ayenera kutuluka asanaume, afunde mpango wathonje wopepuka n'kuuchotsa akangobwerera m'nyumba. Kupaka madzi pamutu pa udhu sikufuna kumasula kanthu, ndipo chinyezi chake n'chochepa.

Kuthina kumene tatchulaku kuli ndi choopsa china choposa fungo. Dokotala wa matenda a pakhungu wa ku University of Cape Town, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake anafalitsa mu 2007 zimene anapeza atayeza anthu a ku Langa mumzinda wa Cape Town. Pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi dazi lobwera chifukwa cha kukokedwa kwa tsitsi, ndipo mwa atsikana a sukulu analipo oposa mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Vutoli linali lalikulu kwa amene ankaluka tsitsi lothira kale mankhwala owongolera. Dazi limeneli limayambira pachipumi ndi pamwamba pa makutu, ndipo pansi pa mpango lingathe kukula kwa zaka popanda woliona. Likadziwika msanga tsitsi limameranso. Likakhalitsa mizu imafa, ndipo palibe mafuta angaidzutse. Zizindikiro zake sizibisika: mutu kuwawa mukangomaliza kupota, tizilonda tating'ono m'mphepete mwa tsitsi, mwana kulephera kugonera mbali imene wazolowera. Mawu akuti "pirira, mawa zimasuka" awonongetsa zipumi zambiri. Chopota chowawa chimasulidwe tsiku lomwelo. Chimodzimodzi chizolowezi chosonkhanitsa zopota zonse n'kuzimanga mfundo yolimba pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku kuti mpango ukhale bwino.

Pa ana pali chinanso. Chipeso chimodzi chimayenda mitu ya ana onse a pakhomo, nthawi zina ndi a kwa aneba omwe, ndipo zipere za m'mutu zimayenda nacho. Mukaona malo ozungulira othothoka tsitsi, otuwa ngati phulusa, musapotepo n'kufundika. Zipere za m'mutu sizimva mankhwala opaka okha, zimafuna akumwa, ndipo amenewo alembedwe kuchipatala.

Zopota zikatha milungu iwiri kapena itatu zimasulidwe, chifukwa zikapitirira zimayamba kulukana zokha kumizu. Pomasula nyowetsani zala ndi timadzi ndi timafuta, ndipo musadzidzimuke ndi mulu wa tsitsi umene utsale m'manja. Mutu wabwinobwino umataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo lonse la masiku amenewo linali litakodwa m'zopotamo. Tengani pang'ono muliyang'ane padzuwa. Lalitali, lokhala ndi kadontho koyera kumapeto, lathothoka pa nthawi yake. Likachuluka lalifupi lopanda kadontho, ndiye kuti linaduka, ndipo ulendo wotsatira mupote likadali ndi chinyezi chochulukirapo, dzanja litafewa.