Mlatho wa Dona Ana Unadzuka Kawiri

Munthu wa ku Ntengo-Wambalame, wozolowera timilatho ta mitengo ta kumapiri, akatsikira ku Mutarara amangoti kukamwa yasa! Chimlatho chachitsulo cha makilomita 3.67 chagona pa Zambezi mpaka ku Sena. Umenewu ndiye mlatho wa Dona Ana, womangidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ya ku England. Unatsegulidwa mu 1935 kuti sitima zochokera ku Nyasaland zizikafika ku Beira osatsitsanso katundu pagombe.

Koma mukadauona nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itausakaza! M'zaka za m'ma 1980 anauphulitsa, zigawo zina n'kugwera m'madzi. Kulira kwa sitima kunatheratu. Utoto unasupuka, dzimbiri linayanga pazitsulo, mitengo inamera pakati pa njanji mpaka kuchita mthunzi, masiteshoni n'kusanduka mabwinja. Wofuna kupita tsidya ankakwera bwato, mtima uli m'mwamba poopa mvuu ndi ng'ona.

Mu 1995 thandizo la dziko la America linaudzutsa, koma kuti pazidutsa galimoto. Anayala matabwa, njira yake imodzi yokha, yopapatiza. Tangoganizani: a tsidya lino kupsa ndi dzuwa la m'chigwa podikira kuti a tsidya lija athe kuwoloka, kenaka galimoto n'kumakwawa, matabwa ali gubudu gubudu pansi pa matayala.

Kudzuka kwenikweni kunayamba mu 2006, atautseka. Amisiri anazula matabwa aja, anapala dzimbiri, analimbitsa zitsulo, n'kuyala njanji yatsopano. Anzawo anali kalikiliki m'njira yonse ya Sena: kufukula mabomba okwirira, kugwetsa thengo, kuthira miyala. Pofika 2009 mlatho unali utabwerera ku ntchito yake yakale, ndipo chaka chomwecho galimoto zinapeza mlatho wawowawo ku Caia.

Ndiye mu Ogasiti 2011, sitima yoyamba ya malasha inanyamuka ku Moatize ulendo wa ku Beira. Pamene kale pankangomveka mphepo, lero pamadutsa mabogi ondondozana, mutu uli kutali mchira usanakwere n'komwe. Njanji ili waliwali chifukwa chopondedwa. Sitima ya anthu nayo inabwerera, amalonda atapanikizana ndi matumba awo. M'kanjira ka m'mbali mwa njanji amayi amadutsa atasenza madengu, anyamata a kabaza akuliza belu kuti awapatukire, kuthamangira kukatula munthu ku Sena kuti abwerere ndi wina.