LIU LA CINGELEZI LAKUTI "LEAD": KUTSOGOLERA KAPENA MTOVU?

Munthu wa ku Makululu, m'tauni ya Kabwe, amene amawerenga Cingelezi pa zikwangwani, m'manyuzipepala kapena pa mapepala a ku cipatala, sacedwa kukomana ndi liu la zilembo zinai lolembedwa lead. Ndi lalifupi, koma limapunthwitsa ngakhale anthu amene anapita patali ndi sukulu. Cifukwa cace ndi cakuti pa zilembo zimenezi pakhala mau awiri acilendo, amene angofanana malaya okha. Lina limachulidwa "liidi", mokoka mau. Linzace limachulidwa "ledi", modula.

"Liidi" ndiko kutsogolera. Akati "The headman will lead the people," atanthauza kuti mfumu ya mudzi idzatsogolera anthu. Koma Angelezi amalituma liuli nchito zina zimene Cinyanja cimapereka kwa mau ena. "This road leads to Kapiri Mposhi" ndiko kuti mseu uwu ufika ku Kapiri Mposhi. Woulutsa mpira pa wailesi akapfuula kuti "Kabwe Warriors are leading," ndiko kuti anyamatawo ali patsogolo ndi zigoli. Ndipo "leads to" nthawi zina ndiko kudzetsa, monga ulesi udzetsa njala. Pa tsinde lomweli panaphuka leader, mtsogoleri, monga anali a Kenneth Kaunda pamene analankhula za cuma ca dziko ku Mulungushi, kumpoto kwa Kabwe, m'caka ca 1968. Panaphukanso mislead, kusokeretsa munthu.

Liu limeneli liri ndi abale ace, koma ali yense ali ndi khalidwe lace. Guide ndi kuonetsa njira monga acitira mlenje wodziwa thengo, amene amayenda pambali pa mlendo. Direct ndi kuloza kapena kulamula: kapitao angathe kucita zimenezo ali ciimire pamalo amodzi, osatsikira pansi ndi anthu ace. Head ndi kukhala mutu wa gulu. Koma wocita lead amayamba ndiye kuponda njira, ena nabwera m'mapazi mwace. Anchito a m'migodi amadziwa bwino kusiyana kwa kapitao wa mtundu uwu ndi wa mtundu winawo.

Msampha uli pa nthawi yapita. Kunena kuti "anatsogolera" amalemba led, zilembo zitatu, nachula "ledi". Motero khutu limamva liu limodzi pamene pali awiri, pakuti "ledi" ndiye dzinanso la citsulo cija. Angelezi eni ace ambiri amalakwa kalembedwe pamenepa, ndipo mwana wa sukulu akalakwa asamuyese mbuli.

Tsono "ledi" wolembedwa lead ndiye mtovu, citsulo colemera, cofewa ndi cotuwa, cimene cimasungunuka msanga pamoto. Lero cimapezeka makamaka m'mabatire a galimoto. Ndi citsulo cimeneci cinabala tauni ya Kabwe. M'caka ca 1902 Mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalowa, ndipo anawacha Broken Hill potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika m'caka ca 1906, dzina la Kabwe linalowa m'malo mwa lakalelo m'caka ca 1966, ndipo mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994.

Mosiyana ndi mnzace uja, liu ili liribe abale. Palibe liu lina la Cingelezi ca masiku onse limene lingaime m'malo mwace. Akatswiri okha amalemba Pb, kucokera ku liu la Cilatini lakuti plumbum. Ndipo munthu wokonza mipope ya madzi amachedwa plumber cifukwa kale mipope inali ya mtovu. Kanthu kakuda ka m'kati mwa pensulo Angelezi amakachanso lead, koma ndi dzina lonama. Kameneko ndi graphite, mbale wa makala, ndipo mulibe mtovu. Amai ena amadzudzula mwana poseteka pensulo, osaona coopsa ceniceni cimene ciri pabwalo pamene mwanayo akhala.

Nanga wowerenga adzadziwa bwanji kuti ndi liu liti? Ayang'ane anansi ace. Likatsatana ndi will kapena to kumbuyo kwace, kapena pakaoneka munthu wocita kanthu, ndi kutsogolera. Likaima patsogolo pa mau onga dust, soil, test, level kapena poisoning, ndi mtovu: pfumbi la mtovu, kupima mtovu, muyeso wa mtovu, ululu wa mtovu m'thupi. Lamuloli siligwira ponse, pakuti lead singer ndi woyambitsa nyimbo m'gulu la oyimba, si woyimba wa citsulo ai. Koma pa pepala la ku cipatala nthawi zambiri limathandiza. Mau awiriwo angathe kukhalanso pamodzi: "Lead leads to sickness," ndiko kuti mtovu udzetsa matenda. Loyamba ndi "ledi", laciwiri ndi "liidz".

Ku Makululu ciganizo cimeneci si ca m'kalasi cabe. Ng'anjo za mgodi zinapfuka utsi zaka zambiri, ndipo mulu waukulu wa zotsala, umene anthu amaucha Black Mountain, unatsala poyera. Makululu ndi Kasanda ali ca kumadzulo kwa mgodi, kumene mphepo imakonda kulowera, ndipo m'cilimwe pfumbi limakwera ndi kugwera m'mabwalo ndi m'nyumba. Mtovu suola m'nthaka. Ana ang'ono ndiwo amaumeza kwambiri, cifukwa amakwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa, ndipo matupi ao amaulandira msanga kuposa a akulu. Umaononga ubongo umene ukukula, umacepetsa mwazi, ndipo kwa mai wapakati umafika ndi kwa mwana wosabadwa. Coipa cace ndi cakuti mwana angathe kuoneka wangwiro, namathamanga ndi anzace, mtovu uli m'thupi. M'caka ca 2015 akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zimene anapeza atapima ana 246 a ku Makululu, Kasanda ndi Chowa: onsewo anali ndi mtovu wopitirira muyeso wa 5.

Nambala imeneyi ifunika kuimasulira. Pa pepala la kupima pamalembedwa blood lead level, kapena BLL mwacidule, ndiko kuti muyeso wa mtovu m'mwazi. Amawerenga mamaikrogalamu a mtovu pa desilita imodzi ya mwazi. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, limati palibe muyeso umene udziwika kuti ndi wosabvulaza, ndipo ukafika pa 5 afunefune kumene mtovu ukucokera ndi kuutsekereza. Ukafika pa 45, madokotala amaganiza za mankhwala okoka mtovu m'thupi, amene Cingelezi cimati chelation. Koma mankhwala sathandiza nthawi yaitali ngati mwana abwerera ku pfumbi lomwelo. Ndico cifukwa cace a zaumoyo amalangiza kusambitsa ana m'manja asanadye, kukolopa m'nyumba ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma, kubzala udzu pabwalo, kudyetsa ana kapenta, nyemba ndi ndiwo zamasamba zotsukidwa bwino, ndi kuletsa amai apakati kudya dothi.

Patsala liu lina laling'ono limene limayenda ndi lead ndi kusokoneza anthu, ndilo free. Likatsogola, litanthauza ulere: free lead test ndi kupima mtovu kosalipira, ndipo kholo loona mau amenewo pa khoma la kiliniki litenge mwana ndi kulowa. Likabwera pambuyo, litanthauza "wopanda": lead-free paint ndi utoto wopanda mtovu, umene uyenera kupakidwa m'nyumba mokhala ana, ngakhale wogula adzaulipira ndithu. Cimodzimodzi unleaded pa pampu ya petulo ndi petulo wosathira mtovu. Petulo wa mtovu wa galimoto anatha pa dziko lonse m'caka ca 2021, pamene dziko la Algeria, limene linatsalira, linaleka kumgulitsa.