Mkhalapakati sagawa chikondi

Ambiri amayesa kuti ntchito yathu amkhalapakati ndi yoti adani akondane. Ayi ndithu. Ife timasaka mfundo imodzi, yaing'ono, imene mbali zonse zingavomere popanda wina kuoneka wogonja. Chikondi chimadza pambuyo, ngati chidza n'komwe.

Luso limeneli analionetsa bwino ndi amayi a ku Israel ndi Palestine. Mu 1997 amayi anayi a ku Israel, ana awo ali kunkhondo kum'mwera kwa Lebanon, anayambitsa gulu la Four Mothers. Za mwini Jerusalem sanazikhudze. Pempho linali limodzi: asilikali abwerere kwawo. Panali zifukwa zinanso, koma mu 2000 anabwereradi.

Mu 2014, nkhondo ya ku Gaza itangotha, kunabadwa Women Wage Peace, ndipo mu 2021 Reem Hajajreh wa kumsasa wa othawa nkhondo wa Dheisheh anatsogolera amayi a ku Palestine kuyambitsa Women of the Sun. Magulu awiriwa sanadikire kuti ayambe amvana za amene anaputa mnzake. Anangoti atsogoleri akambirane, amayi ali pomwepo. Pa 4 Okutobala 2023 anaguba limodzi ku Jerusalem. Patangopita masiku atatu, Vivian Silver, mmodzi mwa oyambitsa Women Wage Peace, anaphedwa pachiwembu cha Hamas kwawo ku Be'eri ali ndi zaka 74. Anzawo a ku Gaza nawo aika maliro ambiri. Nkhondo sanailetse, tisanamizane, koma kulankhulana sanasiye.

Kuno ku Nkhotakota mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana kuyambira nthawi ya a Jumbe ndi mishoni ya Anglican. Mikangano yathu ndi ya malo oyanika usipa padoko, malire a manda, minda ya nzimbe ku Dwangwa. Ndikaitanidwa sindithamangira kubwalo. Ndimayamba ndakhala kumathandala, kapena kuseri kwa nyumba ya siwa, kumene mayi wa Mvano ndi mnzake wa hijabu akuvundulira limodzi nsima, utsi uli m'maso. Kumeneko n'kumene umamva kuti mkangano wa "chipembedzo" unayambira pangongole ya ukonde.

Musati amayi ndi ofatsa mwachibadwa. Ena amasonkhezera moto kuposa amuna awo. Nkhani ndi yakuti mkangano ukabuka, woyamba kuluza ndi mayi uja amapikula nsomba mbali ino n'kukagulitsa mbali inayo, choncho amadziwa msanga chimene aliyense angalolere.

Bungwe la United Nations linagamula mu 2000 kuti amayi azikhala nawo pazokambirana za mtendere, ndipo Malawi ali ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022. Koma pabwalo amayi akadakhalabe pansi kumbuyo, n'kumangowomba m'manja. N'chifukwa chake ine ndimapempha amfumu kuti amayi alankhule poyamba, abambo asanalumbire zinthu zimene mawa adzachite manyazi kuzibweza.