Yofewa Ndiyo Yolamula: Togo ndi LC2 Pabalaza

Mutaika masofa awiriwa pamodzi n'kufunsa kuti ndi iti imene ingalowe m'nyumba iliyonse popanda kuvuta, ambiri angaloze Togo. Ndi yofewa, yonenepa, yamakwinya, ndipo ilibe ngakhale miyendo. Inzakeyo, LC2, ndi bokosi la makhushoni achikopa lomangidwa ndi mapaipi achitsulo onyezimira, ndipo imaoneka ngati ya m'chipinda chodikirira kwa loya. Ine ndimaziona mosiyana. Yooneka yaukaliyo ndiyo imagonjera chipinda chimene mwaiikamo, pamene yofewayo imafuna kuti chipinda chonse chiigwadire.

LC2 inakonzedwa ku Paris mu 1928 ndi anthu atatu: Le Corbusier, msuweni wake Pierre Jeanneret, ndi Charlotte Perriand. Chaka chotsatira anaionetsa pa chionetsero cha Salon d'Automne. Inayamba ngati mpando wa munthu mmodzi, ndipo kuyambira 1965 kampani ya Cassina ya ku Italy ndiyo imaipanga, pamodzi ndi yokhala anthu awiri kapena atatu. Chachilendo chake chinali kutembenuza mpando. Amisiri ankabisa mafupa a sofa mkati mwa nsalu, koma atatuwa anatulutsa mafupawo kunja n'kuwasandutsa dengu lachitsulo, makhushoni n'kungokhala mkatimo osasokereredwa paliponse.

Pali kankhani kamene sindingakasiye. Perriand atapita kukafunsira ntchito kwa Le Corbusier mu 1927, ali ndi zaka 24, bamboyo anamubweza pomuuza kuti kumeneko sapeta makhushoni. Anasintha maganizo ataona mipando yachitsulo imene mtsikanayo anaonetsa pa chionetsero cha chaka chomwecho. Patangotha chaka, amene ananyozedwa ndi mawu a makhushoniyo anali mmodzi mwa opanga mpando umene uli makhushoni okhaokha.

Dengu lachitsulolo ndilo limachititsa kuti LC2 isavute kuisamutsa kuchoka m'maonekedwe ena kupita m'maonekedwe ena. Imaima pa miyendo, pansi pake pamaoneka, ndipo yokhala anthu atatu ndi masentimita 180 m'litali, 70 okha kuchoka kutsogolo kufika kumsana. Ikani yachikopa chakuda m'chipinda cha makoma oyera, pansi posalala, ndi tebulo lagalasi, mupeza chipinda chimene aliyense amachidziwa: chaudongo, chozizira, chosafuna phokoso. N'chokongola, koma chimatopetsa msanga, chifukwa chitsulo, galasi ndi chikopa chakuda zonse zikunena mawu amodzimodzi.

Tengani sofa yomweyo muiike m'nyumba yakale ya matabwa pansi, pa kapeti yofiira yokhala ndi maluwa, pafupi ndi shelefu yodzaza mabuku ndi nyali ya kuwala kwachikasu. Chitsulo chija chimayamba kutenga mtundu wa zimene zachizungulira, popeza n'chonyezimira ngati kalilole: pang'ono chifiira, pang'ono chioneka ngati thabwa. Chikopa chabulauni chimathandiza kwambiri pamenepa. Mu 1978 Cassina, mogwirizana ndi Perriand, inayambanso kupanga mapaipi opakidwa utoto, ndipo zimenezi zinachotsa fungo la ku ofesi limene ena amadana nalo. Komanso popeza makhushoni ake ndi ochotseka, mukhoza kuwavekanso nsalu ina patapita zaka, chitsulo chili chomwecho. Chimene LC2 imakana ndi chimodzi: kuiphimba. Mukaiyalira nsalu yaikulu mpaka kubisa mapaipi, mwabisa chimene munalipirira ndalama. Khushoni imodzi yansalu yokhakhala, kapena bulangete lopindidwa bwino pa mkono umodzi, n'zokwanira.

Togo inabwera patatha zaka 45. Michel Ducaroy anaikonzera kampani ya Ligne Roset ya ku France, ndipo inatuluka mu 1973. Dzinalo lisakusokonezeni, ndi ya ku France konko. Ilibe thabwa kapena chitsulo choigwira. Yonse ndi siponji, ina yolimba ina yofewa, yomatidwa pamodzi n'kuvekedwa nsalu yamakwinya. Mwiniwake ankaifanizira ndi chubu cha mankhwala otsukira mano chimene chapindidwa pakati. Inafika m'zaka zimene achinyamata a ku Ulaya anatopa ndi kukhala mowongoka ngati makolo awo, ndipo ankafuna kutsamira, kutambalala, kuyandikira pansi.

Kuyandikira pansi kumeneko ndiko kumalamula zonse. Pokhalira pake ndi masentimita 38 kuchoka pansi, ndipo mukakhala mumatitimiranso. Tebulo lapakati la masiku onse limasanduka lalitali, kapu ya tiyi mumaitenga mokweza dzanja. Zithunzi zimene zinali bwino pakhoma zimaoneka ngati zathawira kudenga. Nyali yoimirira imakuthobwani m'maso chifukwa mukuiyang'ana kuchokera kunsi. TV nayonso iyenera kutsika. Mpando wina uliwonse wa msinkhu wamba ukakhala pambali pake, wokhalapo amamuyang'ana mnzake pamutu, ndipo macheza amakhala ngati a mfumu ndi munthu wodzadandaula mlandu. Mukagula Togo mwagulanso tebulo lalifupi, nyali ina, ndi misomali yokhomanso. Malo nayo imadya: masentimita 102 kuchoka kutsogolo kufika kumsana, kuposa LC2 ndi masentimita 32, ndipo pansi pake sipaoneka, choncho kachipinda kakang'ono kamadzaza msanga.

Sindikunena kuti Togo ili ndi nkhope imodzi. Yansalu ya mizeremizere yofiirira ngati lalanje, pa kapeti ya ubweya wautali, pakati pa zomera zam'miphika, imakubwezani ku zaka za m'ma 1970. Yoyererako, m'chipinda cha zinthu zochepa, tebulo lathabwa lalifupi ndi mkeka pansi, imapereka bata limene LC2 singalifike ngakhale itavekedwa chiyani. Ndipo popeza imabwera m'zidutswa, ya mmodzi, ya awiri, ya atatu, yapangodya ndi kopondera mapazi, komanso ndi yopepuka, mukhoza kusintha kakhalidwe ka balaza madzulo amodzi popanda kuitana anyamata onyamula. Koma nkhopeyo mumaisankha tsiku logula. Palibe chitsulo kapena thabwa lodula mtunduwo. Sofa yonse ndi mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo nsalu yake ndi yomangidwa ndi mabatani m'makwinya, si yongovula n'kusintha. Makhushoni owonjezera saifuna, amangotsetsereka n'kubisa makwinya amene ali kukongola kwake. M'makwinya momwemo ndi mmene mumabisala nyenyeswa za buledi ndi mtedza, ndipo amene ali ndi ana aang'ono adzazidziwa sabata yoyamba.

Pa kukoma kokhalapo, Togo yapambana, ndipo sindikangana. LC2 ili ndi msana waufupi wofanana ndi mikono yake, moti khosi limasowa potsamira. Ndi mpando wochezera ndi mlendo ola limodzi, si wogonerapo Lamlungu masana. Togo imakukumbatirani mpaka kuiwala kuti munateleka madzi pamoto.

Komabe balaza si la mwininyumba yekha. Kumabwera apongozi, abusa, agogo amene mawondo awo anayamba kale kudandaula. Pa LC2, pokhalira pake n'pokwera ngati pa mpando wamba, ndipo pali mkono wolimba wogwira podzuka. Togo yofala kwambiri ilibe mikono n'komwe. Munthu wamkulu akatitimiramo amadzuka mochita kukwawa kapena modikira kuti wina amukoke, ndipo mayi wovala siketi amatha ulendo wonse akukoka nsalu pamawondo. N'chifukwa chake, kukanakhala kuti chipinda chochezera n'chimodzi chokha, ndikanatenga LC2 yachikopa chabulauni, n'kuiika pa kapeti yamitundu, osati pafupi ndi galasi. Togo ndikanaisungira chipinda chachiwiri, cha ana ndi mafilimu, kumene aliyense wolowamo amasiya nsapato pakhomo.